Kaseti Yomaliza ya Maliro a Njovu

Lamulungu lililonse, akabwera ku tchalitchi, a Goliati Mbewe ankatulutsa katebulo pakhonde n'kuikapo wailesi yawo yakale. Ankayamba apukuta m'kati mwake ndi kansalu, kenako n'kulowetsa kaseti, n'kudina batani. Tepi inkayamba ndi kaphokoso chabe, konga mphepo ikamadutsa m'udzu wouma. Pamenepo ndi pomwe ankakunga chibakera n'kugogoda patebulopo kanayi. Sankafulumira. Pakati pa kugogoda kumodzi ndi kunzake, munthu ukanatha kumeza malovu n'kuyang'anako kumsewu. Ndiye pomwe pakanagwa kugogoda kwachisanu, pankagwa gitala, yolemera ngati lole yodzaza mabelo a fodya ikamakwera chitunda.

Sanaphonyepo ndi kamodzi komwe. A Timoteyo Namakhwa, omwe nyumba yawo inali kuseri kwa mpanda wa a Goliati, anaonerera zimenezi kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri. Ankabwera ndi mpando wawo n'kukhala chakumanzere, chipewa chili pabondo. Nyimbozo sankazikonda kwenikweni, ndipo a Goliati ankadziwa. Koma munthu akakuitana tsiku loyamba iwe n'kukhala mpaka kaseti kutha, Lamulungu lotsatira umasowa chonamizira.

Anthu odutsa panjinga popita kwa Mkanda anali ndi moni wawo wa pakhomo limenelo.

"Mabatire atha, a Mbewe!"

"Mabatire ndi atsopano," ankayankha osatembenuka. "Othamanga ndi makutu anuwo."

Sikuti anthuwo ankanena mwachipongwe chokha. Aliyense amene anakhalapo ndi wailesi ya kaseti amadziwa kulira kwake mabatire akamafooka: mawu amanenepa, ng'oma imakwawa. Nyimbo za a Goliati zinkamveka choncho ngakhale mabatire atangochoka m'pepala.

A Goliati anabadwira kwa Mavwere. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anadumpha malire kupita ku Chipata, komwe anapeza ntchito yomata matayala pagalaja ina. Kumeneko anakumana ndi Vitus, wowotcherera zitsulo, yemwe anali ndi gitala ya magetsi ndi kaseti imodzi yakunja yomwe dalaivala wa lole anamusiyira. Nyimbo za m'kasetimo zinali zakuda, zoyenda pang'onopang'ono, ndipo Vitus ankati kwa azungu amazitcha dumu metolo. Tanthauzo lake palibe anafunsa. Anangomva kuti m'dziko muli anthu enanso omwe chisoni chawo sichivina.

Wachitatu pagulu loimba lomwe anayambitsa anali Eneya, yemwe mkulu wake anakwiririka kumigodi. Iye ndiye ankaimba, uku akukhwekhwereza besi ya mawaya a mabuleki a njinga. Nsambo za gitala zinkasowa masiku amenewo, choncho Vitus ankamasula zake kuti zisaduke, ndipo pomasukapo zinkalira pansi ngati mkango uli kutali. A Goliati anakunga zikopa pamigolo ya oyilo, n'kupachika chimbale cha pulawo pambali. Ntchito yawo yaikulu, ankatero, sinali kuimba ng'oma. Inali kukana kuthamanga.

Dzina anawapatsa ndi mwini bala ina, tsiku lomwe anthu ofuna rumba anayamba kuwagenda ndi zitsekerero za mabotolo. Anazimitsa magetsi n'kufunsa kuti, "Kodi anyamata, amenewa ndi maliro a njovu?" Vitus anati dzina limenelo ndi labwino kuposa lomwe anali nalo. Anaimba zaka zinayi. Sanadzazepo holo, ndipo wailesi sinawaulutsepo. Mu 1984, Lamulungu lina masana galaja itatsekedwa, anajambula nyimbo zisanu, n'kupanga makaseti atatu. Kuti ndodo zisamveke m'tepi, a Goliati anawerengera anzawo pogogoda pantchafu, kanayi. Ndiko kugogoda komwe tepi ilibe, komwe iwo ankabwezeretsa patebulo.

Kaseti ya Eneya inapsa pamoto tsiku lomwe analowa mpingo woletsa zoterezi. Ya Vitus, atamwalira, achibale anajambulirapo ukwati. Yachitatu inabwerera ku Mchinji m'thumba la malaya a Goliati. Anakwatira a Esitele, n'kulowa utenanti pa esiteti ina kufupi ndi kwa Mkanda. M'chigafa cha pa esitetiyo, akusoka fodya, ndi momwe anadziwana ndi a Timoteyo, mlendo wochokera ku Phalombe. Onse awiri sanali olankhulalankhula. Atatopa ndi utenanti anapempha malo m'mudzi umodzi, n'kumanga moyandikana.

Chaka chatha, nthawi yothothola mtedza, a Goliati anagwa kumunda. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerako dzanja lamanja litafa, mwendo ukukoka, mawu akutuluka limodzilimodzi. Lamulungu loyamba atabwerako, a Esitele anatulutsa katebulo kaja, ndipo mkuluyo anagogoda ndi lamanzere. Gitala inagwa pamalo pake.

Chomwe chinkatha tsopano inali kaseti. Wailesi inali itayamba kuitafuna. Katatu konse a Timoteyo anaitulutsa ndi chotokosera m'mano, n'kuiwongola ndi chala, n'kulumikiza poduka ndi utoto wa m'zikhadabo umene Stelia, mwana wa a Goliati, anasiya panyumbapo. Kachitatuko tepi inali itauma ngati khoko la anyezi. Ndiye kunabwera uthenga woti Stelia, yemwe amaphunzitsa ku Kasungu, akubwera kudzatenga makolo ake kuti akakhale pafupi ndi chipatala.

"Tiyeni tikaisamutsire mu memore," anatero a Timoteyo. "Kwa Mkanda kuli Limbani, amabena nyimbo. Akuti amatha ndi makaseti omwe."

"Ayi."

"Ikadzadukira ku Kasungu, adzakulumikizireni ndani?"

A Goliati anayang'ana kasetiyo nthawi yaitali. Pachikuto panali zilembo za dzanja la Vitus, zofufutika theka.

"Siinagonepo... kunja," anatero.

"Igona masiku awiri. Ndipita nayo ndine, ndibwera nayo ndine."

Anaikankhira patebulo ndi nsonga za zala, osayang'ana mnzawoyo kumaso.

Limbani ndi bambo wa ndevu, wa zaka makumi anayi, wapakamwa posatseka. Shopu yake ili pakati pa chigayo ndi ogulitsa matayala a njinga: amatchaja mafoni, amabena nyimbo, amajambula maukwati. A Timoteyo anakaisiya kasetiyo, ndipo atabwerera Loweruka, Limbani anawapatsa kamemore kosaposa chikhadabo, kenako, mosafulumira, kajumbo komanga pakamwa.

"Nkhani ziwiri, madala. Yabwino ndi yoti nyimbo zonse zisanu zalowa, ndazikonzanso pang'ono. Yoipa ndi iyi. Tepi ija itangofika kumapeto inadzikulunga m'makina. Ndinachita kuidula kuti ituluke."

M'kajumbomo munali chigoba cha kaseti ndi tizidutswa ta tepi, topiringizika ngati matumbo a nkhuku. A Timoteyo analandira kajumboko.

"Musadandaule, madala. Nkhuku yafa itaikira."

Magetsi anali atazima, choncho sanathe kumvera pompo. Mawu oti ndazikonzanso iwo anawamva ngati akunena za kaphokoso ka poyamba paja. Njira yonse yobwerera ankagwiragwira thumba la malaya, kuti aone ngati kamemoreko kalipobe.

Stelia anafika Loweruka lomwelo, ndi kawailesi kakang'ono kotchaja. Ulendo unali wa Lachiwiri. Lamulungu masana, anthu oyandikana nawo anabwera kudzatsazika, ndipo pakhonde panadzaza kuposa masiku onse. A Timoteyo anayamba apereka kajumbo kaja. A Goliati anakagwira, n'kukaika pamiyendo, osakamasula. Stelia analowetsa memore n'kudina.

Kaphokoso kaja kanamveka. A Goliati anakunga chibakera. Anagogoda kamodzi. Anagogoda kachiwiri. Dzanja lili m'mwamba kufuna kachitatu, gitala inalowa mothamanga, yowonda, ngati njinga yamoto. Ng'oma inkadumphadumpha. Eneya, yemwe mawu ake ankachokera pansi pa chitsime, ankaimba ngati mnyamata wa m'kwaya.

"Eee! Tsopano ndiye nyimbo!" anafuula mayi wina. "Zaka zonsezi kani vuto linali wailesi!"

Anthu anaseka, ena anaimirira n'kuyamba kugwedeza mapewa. Sankafuna kupweteka munthu. Ankaganiza kuti akusangalala naye.

Dzanja la a Goliati linatsika pang'onopang'ono mpaka pakajumbo paja.

"Awa... si ife," anatero.

A Esitele ndi amene anamva. Anatambasula dzanja n'kuzimitsa kawailesiko. Mkuluyo anapempha kuti amulowetse m'nyumba, ndipo atamugoneka anatembenukira kukhoma. Chakudya chamadzulo chinabwerera momwe chinapitira.

A Timoteyo anatsala pakhonde anthu atabalalika. Anali atatenga chinthu chomwe mnzawo anasunga zaka makumi anayi, n'kuchibweza m'kajumbo. Vitus anali m'manda, Eneya sankadziwika komwe ali, ndipo Lachiwiri a Goliati akakwera galimoto ndi nyimbo za anthu ena. Stelia anabwera n'kugwada pambali pawo.

"Musadziimbe mlandu, bambo. Munkafuna kuthandiza."

"Ndipatse kamemoreko, mwanawe."

Lolemba dzuwa lisanatenthe anali atafika kale kwa Mkanda. Limbani anawapeza atakhala pakhomo pa shopu, njinga atayedzamiritsa kukhoma.

"Madala, mwalawira! Mwabweretsa ina?"

"Munaitani nyimbo ija?"

"Ndinaithandiza. Tepi yakale imatamuka, imakoka ngati chidakwa chikamapita kwawo. Ndinangoithamangitsa kuti ifike pamene nyimbo imakhala. Makaseti onse akale ndimatero, anthu amathokoza."

"Sinatamuke. Ndi momwe anaimbira."

Limbani anaseka, kenako anaona kuti akuseka yekha.

"Mwadala? Anthu n'kukhala pansi, n'kugwirizana kuti tiimbe chonchi?"

"Bwezerani momwe inalili."

Limbani anakanda ndevu. Anayatsa kompyuta, n'kufufuza uku ndi uku, ndipo pakamwa paja panayamba kuchepa mawu.

"Yoyamba ija ndinafufuta, madala. Malo ndi ochepa m'kompyutamu. Kubweza liwiro kumatheka, mawu n'kunenepanso momwe analili. Koma ndibweze mpaka pati? Ndinangokoka ndi khutu, nambala sindinalembe. Eni ake sangabwere?"

"Sangakwere njinga. Ndipo sakulankhula."

"Inuyo ndiye mundiuze."

Limbani anatsitsa liwiro pang'ono n'kuimba. "Apa?" A Timoteyo anamvetsera. Anatsitsanso. "Nanga apa?" Zonse zinkamveka zolakwika, koma kulakwa kwake sankatha kukuloza. Iwo anali munthu wa fodya. Tsamba ankalidziwa ndi zala ali chitsinzire, koma nyimbo sanaimbepo ngakhale m'tchalitchi, ankangotsegula pakamwa. Anakhala pabenchi, chipewa pabondo, thukuta likutsika m'khosi.

"Sindikudziwa," anatero. "Ine ndinkangokhalapo."

Limbani anasiya kompyuta ija. Ankayang'ana pabondo pawo.

"Madala, chala chanucho chikutani?"

A Timoteyo anayang'ana. Chala chawo chamkombaphala chinkagunda pachipewa, chokha, ndipo sichinkatsata nyimbo ya m'sipikamo. Chinkatsalira m'mbuyo, chikudikira, kenako n'kugwa. Pamlomo wa chipewacho, pomwe chinkagwerapo, nsalu inali itaperepeseka kalekale. Iwo ankayesa ndi njenjete.

"Bwerani apa," anatero Limbani, akuchotsa mafoni pakauntala. "Gogodani pathabwapa. Musamvere za m'sipikazi, ine ndiye ndizikutsatirani. Inu gogodani momwe amagogodera akuluwo."

A Timoteyo anaimirira, n'kukunga chibakera, n'kutsinzina. Anaona khonde, katebulo, mthunzi wa mango utafika pamwendo wa mpando. Anagogoda. Anameza malovu, n'kutembenuzira mutu komwe kukanakhala msewu. Anagogodanso.

Limbani anayamba kutsitsa. Ng'oma inkagwa dzanja lisanafike.

"Tsitsanibe."

"Madala, uku ndiye kudwala."

"Tsitsani."

"Uku ndiye kufa kumene. Tiitane abale."

"Pang'ono pokha."

Ndiye panafika poti chibakera chikagunda thabwa, ng'oma inkamveka pansi pake, ngati akuimenya ndi iwo. Mawu a Eneya anabwerera m'chitsime mwawo. Galasi la kauntala linayamba kunjenjemera, ndipo wa matayala anasuzumira pakhomo kufunsa ngati jenereta yavuta.

"Yambitsani poyamba," anatero a Timoteyo.

Kaphokoso kanamveka. Anagogoda kanayi. Gitala inawatsogolera pang'ono, ngati kutalika kwa mpweya umodzi. Limbani anakhudzanso. Anayesa kachiwiri. Inagwa pachisanu.

Limbani anaisiya kuti iyende. Inali nyimbo ya mkulu wake wa Eneya, yonena kuti nthaka imadya osakhuta. Kwa mphindi zisanu ndi zitatu shopu ija inakhala chete, chinthu chomwe oyandikana naye akuti sichinachitikepo.

"Koma ndiye n'zolemera," anatero itatha. "Ikakhala chonchi imakukhala pachifuwa. Mukudziwa, madala, pa intaneti pali anthu amasakasaka zoterezi, zakale zosadziwika. Akhoza kupenga nazo."

"Ayambe amva eni ake."

Limbani anabwezera nyimbo zonse zisanu paliwiro lomwelo, n'kuziika m'mamemore awiri, ina n'kusunga m'kompyuta, ndipo analumbira pa ndevu zake kuti imeneyo safufuta.

Pobwerera mtima wa a Timoteyo sunakhazikike. Chala cha munthu wokalamba ndi mboni yanji? Mwina pazaka zonsezo chinkathamanga pang'ono, kapena kutsalira, iwo osadziwa. Woweruza anali mmodzi yekha, ndipo anali atayang'ana kukhoma.

Anafika dzuwa litapendeka. Pabwalo panali katundu womangamanga: matumba a mtedza, mphasa, ndowa. A Esitele anawayang'ana kumaso n'kulowa m'nyumba. Mawu awo ankamveka panja.

"Dzukani, bambo. Anzanu abwera."

"Lero si... Lamulungu."

"Lamulungu likubwerali mudzakhala ku Kasungu. Munthu wapalasa njinga kupita kwa Mkanda ndi mawondo amene aja, inu mukuwerenga masiku? Stelia, gwira uko."

Anawatulutsa n'kuwakhazika pampando wawo. Katebulo kanali katamangidwa kale pamodzi ndi mipando, ndipo Stelia anachita kukamasula. A Goliati sanayang'ane mnzawo. Manja onse awiri anali pamiyendo, lakufa ndi lamoyo. A Timoteyo anakhala chakumanzere, n'kugwedezera Stelia mutu.

Kaphokoso kanayamba.

Dzanja lamanzere linanyamuka ngati silinafunse mwini wake. Linagogoda kamodzi. A Timoteyo anasiya kupuma. Kachiwiri. Apa ndi pomwe dzulo zinaonongekera, koma m'kawailesimo munali mphepo yokhayokha. Kachitatu. Kachinayi.

Gitala inagwa.

A Goliati sanasunthe. Kenako mutu wawo unatsika pang'ono, n'kukwera, n'kutsikanso, pamodzi ndi ng'oma. Mbali ya nkhope yomwe imagwirabe ntchito inamasuka. A Timoteyo anatulutsa mpweya umene ankaona ngati anaugwira kuyambira Loweruka, ndipo anamva mawondo awo akuyamba kuwawa, poti tsopano anali ndi mpata.

Pamsewu pankadutsa bambo wina atanyamula thumba la chimanga panjinga. Anachepetsa liwiro, n'kutchera khutu.

"Aaa, zabwereranso? Mabatire atha, a Mbewe!"

"Ilibe n'komwe mabatire!" anafuula Stelia. "Ndi yotchaja!"

A Goliati anaseka. Kunali kuseka kopotoka, kwa mbali imodzi, kotsatana ndi chifuwa, ndipo a Esitele anachita kuwapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje. A Timoteyo anamva moni wa bambo wa chimangayo ngati chiphaso chochokera ku boma.

Anamvera nyimbo zonse zisanu. Itatha yomaliza, a Goliati anatembenuka.

"Anamuuza... ndani... Limbaniyo?"

A Timoteyo anatambasula chipewa, n'kuwaonetsa poperepeseka paja. A Goliati anapagwira ndi chala.

"Kani... munkamvera."

"Kumvera ayi. Ndinkangokhalapo."

"Bodza."

"Ndipo sindinazikondebe."

"Manje... ndani wakufunsani?"

Galimoto inabwera m'mawa mwake, ndipo akuti ku Kasungu katebulo kaja kamatulukabe Lamulungu lililonse. Memore yachiwiri ili ndi a Timoteyo, m'kabotolo ka mankhwala pawindo. Koma zimenezo ndi za pambuyo. Tsiku lija, mthunzi wa mango utafika pamwendo wa mpando, a Goliati analoza kawailesiko ndi chibwano.

"Bweza... poyamba."

Stelia anabweza. Mphepo inayamba kudutsa m'udzu. Mkuluyo anakankhira katebulo pang'ono chakumanzere, kuti kafike pomwe panali mnzawo, n'kudikira mpaka nawonso atakunga chibakera. Anagogoda onse awiri, kanayi, osafulumira.